Kaikidwe ka maservo m'kandege ka rimoti kuti muziwafikira ndi kuwasintha osang'amba ndege

Kandege kanga koyamba ka matabwa opepuka a balsa ndinakamanga miyezi itatu, madzulo ndikaweruka kuntchito. Kanali kophunzirira, ka mapiko apamwamba, kotambalala mita imodzi ndi theka. Maservo a m'mapiko, timakina tamagetsi tokankha ziwongolero za ndege, ndinawamata ndi guluu mkati, pamwamba n'kukutira ndi pulasitiki uja timamata ndi simbi. Phiko linali see, losangalatsa kuliona. Tsiku lachitatu kuuluka, potera nsonga ya phiko inakoka udzu, aileron, chiwongolero cha kumbuyo kwa phiko chopendeketsa ndege, inakankhika mwamphamvu, ndipo giya imodzi ya nayiloni mkati mwa servo inaguluka mano. Kusintha kagiya koteroko ndi ntchito ya mphindi 10. Koma kuti ndikafikire ndinachita kung'amba phiko ndi mpeni n'kudula nthiti imodzi, ndipo ndege inakhala pansi milungu iwiri.

Servo ndi chinthu chokutha. Magiya amadyeka, waya amaduka mkati, kamota kamatopa. Choncho servo iliyonse iyenera kutuluka ndi sikuludiraiva basi, ndipo kasinthidwe kake kazitheka muli kubwalo, mutagwada pa udzu. Kwa ife amene zipangizo timachita kuitanitsa kutali n'kudikira milungu, nkhani imeneyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa servo yomwe yatuluka bwinobwino imakonzeka, pamene yozulidwa mu guluu kawirikawiri imatuluka itathyoka makutu, tija ta m'mbali tomangirapo masikuluwu.

Yambani musanatsegule botolo la guluu

Yalani maservo anu patebulo ndi kuwayeza ndi lula. Servo yapakati, monga Futaba S3003, ndi ya mamilimita pafupifupi 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo imalemera magalamu pafupifupi 40. Timaservo tating'ono ta mtundu wa SG90 timalemera magalamu 9. Muyeze servo imene ili m'manja mwanuyo, musangodalira chithunzi cha pa pulani, poti makampani amasiyana pang'ono pa kutalika kwa makutu ndi pomwe waya amatulukira.

Pamalo paliponse pomwe mukufuna kuika servo, tengani sikuludiraiva yeniyeni imene muzigwiritsa ntchito muyese. Kodi ikuima chilili pa masikuluwu onse a m'makutu? Nanga kasikuluwu ka pakati, kogwira mkono wa servo, uja umazungulira n'kukankha chiwongolero, mukukafikira? Pulagi ya waya mungaizule ndi zala ziwiri? Ngati pena sikuludiraiva ikuchita kupendekeka, sunthani malowo tsopano. Sikuluwu yomangidwa mopendekeka imatha mutu, ndipo ikatha mutu pamalo opanikizika mudzaboola ndege kuti ituluke.

Chinanso, maservo atatu apakati pamodzi ndi magalamu oposa 100, ndipo amenewo amasuntha pomwe ndege imakhazikika. Amateni ndi tepi kunja kwa thupi la ndege, ikani batire ndi injini kapena mota m'malo mwake, kenako nyamulani ndegeyo pa zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo pomwe pulani yanena. Ndege zambiri zophunzirira malowa amakhala pakati pa gawo limodzi la magawo anayi ndi gawo limodzi la magawo atatu a m'lifupi mwa phiko, kuyambira kutsogolo. Sunthani maservo kutsogolo kapena kumbuyo mpaka ndege ikhazikike, n'kulembapo ndi pensulo. Mukatero simudzafunika kumata mtovu kumphuno kapena kumchira.

Kathabwa ka maservo m'mimba mwa ndege

Pa ndege ya mapiko apamwamba, malo abwino ndi pansi pa phiko penipeni, chifukwa mukangochotsa phiko zonse zili poyera. Dulani pulayiwudi wa mamilimita 3 kuti akwane m'mimbamo. Jambulanipo mabowo a maservo a elevator (chiwongolero cha kumchira chokweza ndi kutsitsa mphuno), rudder (cha kumchira chokhotetsera kumanja ndi kumanzere) ndi moto wa injini, bowo lililonse likule kuposa servo ndi milimita imodzi mbali zonse. Thupi la servo lisakhudze thabwa. Likakhudza, kunjenjemera kwa injini kumalowa mwachindunji mkati mwa servo. Kumbali yotulukira waya sekani kamphako, kuti servo izilowa ndi kutuluka osakhula wayayo.

Kathabwa kameneka musakamate ku ndege. Matani timitanda tiwiri ta thabwa lolimba, ta mamilimita ngati 6 kwa 10, m'mbali mwa thupi la ndege ndi guluu wolimba wa epoxy, kenako kathabwako kakhale pamwamba pa timitandato komangidwa ndi masikuluwu anayi. Tsiku lomwe mudzafune kuona thanki ya mafuta kapena kuika maservo a kukula kwina, mudzangomasula anayiwo, zonse n'kutuluka pamodzi. Pansi pa pulayiwudi, pomwe padzalowe masikuluwu a servo, matani tizidutswa tina ta pulayiwudi kuti sikuluwu ipeze poluma pokwanira.

Tsopano timalabala takuda tija timabwera m'kathumba ndi servo, pamodzi ndi timachubu ta mkuwa. Ambiri amatiika chozondoka. Labala amalowa m'khutu la servo, kenako kachubu ka mkuwa kamalowa m'labalamo kuchokera pansi, mlomo wake wotambalala n'kukhala wogunda thabwa. Mukakazondotsa, mbali yakuthwa ija imadya thabwa pang'onopang'ono, servo n'kuyamba kukhwepa. Pomanga sikuluwu, lekani ikangogunda kachubuko. Mukafinya labala mpaka kuphwatalala ndiye kuti mwapha ntchito yake.

Mabowo a masikuluwu muyambe mwaboola ndi kachoboolera ka mamilimita 1.5. Lowetsani sikuluwu kamodzi kuti idule mazinga m'thabwa, itulutseni, donthezani dontho limodzi la guluu wa CA wamadzimadzi, uja ambiri timangomuti supa guluu, n'kudikira aume ndithu. Mazinga a m'thabwa amauma gwa, ndipo mungamange ndi kumasula kambirimbiri osakula bowo. Musathamangire kubwezera servo guluu asanaume, angagwire sikuluwu mpaka kalekale.

M'mapiko: servo ikhale pa chivindikiro

Apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa, ndiye ndifotokoza mwachifatse. Nzeru yake ndi yoti servo isamangidwe ku phiko ayi, imangidwe ku kachivindikiro, ndipo kachivindikiroko ndi komwe kamangidwe ku phiko. Mukamasula masikuluwu anayi a m'makona, chivindikiro chimatuluka chitanyamula servo yake.

Pansi pa phiko, sankhani danga la pakati pa nthiti ziwiri, kumbuyo kwa mtanda waukulu wa phiko, moyang'anizana ndi pomwe padzakhale nyanga ya aileron, kanthu kotuluka pa aileron kokolekapo waya woikankha. Mtanda waukuluwo musausekeko ngakhale pang'ono, ndiwo msana wa phiko. M'mphepete mwa dangalo matani kafelemu ka pulayiwudi kapena timakona tinayi ta thabwa lolimba, tolowa mkati mwa phiko mofanana ndi kuchindikala kwa chivindikiro, kuti chikatsekedwa chikhale chofanana ndi khungu la phiko.

Chivindikirocho dulani pa pulayiwudi wa mamilimita 1.5 kapena 2. Gonekani servo chammbali pamwamba pake, mkono wake utaloza pansi, ndipo lembani pomwe mkonowo uzitulukira. Dulani kampata kotalika mokwanira kuti mkono uziyenda mbali zonse osagunda. Ndiye tengani timabuloko tiwiri ta thabwa lolimba tokhala kumakutu a servo. Musanatimate, lowetsani kapepala kolimba, monga ka katoni ya sopo, pakati pa servo ndi chivindikiro, kuti pakhale kampata kochepa. Matani timabulokoto ndi epoxy, ndipo akauma onjezani kasikuluwu kamodzi kuchokera kunja kwa chivindikiro kulowa m'buloko iliyonse. Guluu payekha amatha kulekana ndi pulayiwudi pakapita nthawi, makamaka pa ndege ya injini ya mafuta. Onetsetsani kuti mitsempha ya thabwa la buloko yaima choloza chivindikiro, kuti sikuluwu ya servo ilowe moidutsa. Ikalowa motsatira mitsempha thabwa limang'aluka. Pomaliza chotsani kapepala kaja.

Zivindikiro ziwirizi, cha kumanja ndi cha kumanzere, zikhale zotembenuzana ngati manja anu awiri. Lembani mkati mwa chilichonse mbali yake, ndi kamuvi koloza kutsogolo.

Waya wa servo safika pakati pa phiko, ndiye pamafunika wowonjezera. Musanakute phiko, boolani nthiti zonse za m'njiramo bowo lokwana pulagi, ndipo ngati mungathe pindani pepala likhale kachubu kodutsa m'mabowomo. Siyanimo ulusi wolimba wokokera waya, ndipo mukakoka waya mukokere limodzi ulusi wina utsalemo wa tsiku lina. Polumikizira mawaya awiriwo pamangeni ndi kachubu kofota ndi kutentha, kapena ndi ulusi wokulunga pakati pa mawaya. Polumikizira pamenepa pakhale pafupi ndi chivindikiro, pofikika ndi zala, ndipo waya akhale ndi kotsalira masentimita angapo kuti chivindikiro chizituluka osakoka kanthu. Ndaonapo zivindikiro zopangidwa bwino zedi koma waya ali wothina, moti servo imangosuzumira kunja osatuluka.

Pa tindege tating'ono ta foam, pulasitiki wopepuka wa thovu uja, nkhani ndi yosavutirapo. Kulungani servo ndi tepi ya pepala, kenako matani tepiyo m'dzenje ndi guluu wotentha pang'ono chabe. Ikadzafa mudzangocheka tepi, servo n'kutuluka yoyera. Chachikulu ndi kusiya kampata kofikira kasikuluwu ka mkono. Zivindikiro zopepuka za pamwamba pa batire kapena receiver, kabokosi kolandira uthenga wa rimoti, zingagwidwe ndi timaginito, koma chivindikiro chonyamula servo chimafuna masikuluwu, chifukwa mphamvu yonse yokankha aileron imadzera pa icho.

Kuimika servo pakati

Ngati ndege ndi yamagetsi, chotsani pulopela musanalumikize batire. Muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukamasintha za mu rimoti ndege ili patebulo. Kungotembenuza tchanelo cholakwika, mota imadzuka ndi mphamvu zonse, ndipo pulopela imacheka ngati mpeni.

Yatsani rimoti poyamba, kenako receiver. Ma trim, timabatani ta pa rimoti tosunthira pang'ono pomwe servo imaima, ndi ma sub-trim, ochita zomwezo kuchokera mu menyu ya rimoti, onse akhale pa ziro. Servo imamvera kutalika kwa kachizindikiro ka magetsi kochokera ku receiver: pafupifupi mamilisekondi 1.5 ndiye pakati, 1 ndi mbali ina, 2 ndi mbali inayo. Ngati muli ndi kachipangizo koyesera maservo, kali ndi poimikira pakati, ndipo kamathandiza ndege ikadali pomangidwa. Servo ikaima pakati, pamenepo m'pamene muvekere mkono. Musauveke servo ili yozima, simudziwa pomwe yaima.

Cholinga ndi choti mkono upange ngodya ya madigiri 90 ndi waya wokankha, waya wolimba wochoka pa mkonowo kupita ku nyanga. Kawirikawiri mukauveka mupeza wapendekeka pang'ono, ndipo mukausuntha dzino limodzi wapendekeranso mbali ina. Musathamangire ku sub-trim. Kamutu ka servo ya Futaba, kovekapo mkono, kali ndi mano 25, kutanthauza madigiri 14.4 pa dzino lililonse. Popeza 25 sagawika ndi 4, mukatenga mkono wa nthambi zinayi uja n'kuuzungulitsa kuti muyese nthambi ina, ngodya imasintha ndi madigiri 3.6 okha. Yesani nthambi zonse zinayi, imodzi ikhala pafupi kwambiri ndi pomwe mukufuna. Isungeni imeneyo, zinazo dulani kuti zisamakole mawaya. Katsalira kochepako ndi komwe mungamalize ndi sub-trim.

Mano amenewa amasiyana ndi makampani. Maservo apakati a Hitec ali ndi 24, a JR ali ndi 23. Mkono wa kampani ina umatha kulowa mokakamiza n'kumaoneka ngati wagwira, koma m'mwamba, mphepo ikakankha, umaterereka. Mikono ya servo iliyonse muziisunga m'kathumba kakekake kolembedwa dzina.

Waya wokankha: mbali ina yokhazikika, ina yosinthika

Waya aliyense wochoka pa servo kupita ku nyanga akhale ndi mbali imodzi yomwe mungatalikitse kapena kufupikitsa. Ine ndimaika yokhazikika ku servo, yosinthika kunja ku nyanga, chifukwa kunja ndi komwe zala zimafika osachotsa phiko.

Ku servo pindani waya ngati chilembo Z ndi pulayala. Kapindidwe kameneka sikamasuka, sikafuna guluu, ndiponso sikagulidwa. Bowo la pamkono likhale lokwana waya ndendende. Likachepa likulitseni ndi kachidutswa ka waya yemweyo, osati ndi nsonga ya mpeni, poti bowo lotakasuka ndi chiyambi cha kugwedera. Choti mudziwe n'chakuti waya wa Z satuluka pokhapokha mutachotsa mkono pa servo, n'chifukwa chake kasikuluwu ka pakati kaja kayenera kufikika.

Ku nyanga ikani clevis, kachipani kokhala ndi mazinga mkati komwe kamatsekera pabowo la nyanga. Mazinga ofala ndi a M2 ndi a 2-56 a ku America. Amafanana m'maso koma si amodzi, ndiye musasakanize clevis yachitsulo ya mtundu wina ndi waya wa mtundu wina. Pa M2, kuzungulira kamodzi ndi mamilimita 0.4, ndipo popeza clevis imasinthika ndi theka la kuzungulira, mumatha kusuntha ndi mamilimita 0.2 okha. Ndi kasinthidwe kosalala kwabasi. Poyamba lowetsani clevis mpaka pakati pa mazinga, kuti mukhale ndi popitira mbali zonse ziwiri, ndipo waya alowe mkati mamilimita osachepera 6. Musanatseke, vekani kachidutswa ka chubu cha silikoni chija cha mafuta a injini, kenako kakokereni pamwamba pa milomo ya clevis. Kachidutswa kameneka ndi komwe kamaletsa clevis kuyasama m'mwamba. Pa clevis yachitsulo onjezani kanati kumbuyo kwake.

Palinso timalumikizo tina tokhala ndi bowo lodutsamo waya ndi kasikuluwu kofinya pamwamba. N'tosavuta kusintha, ndipo pa moto wa injini kapena pa kandege ka foam ndimatigwiritsa ntchito mosakayika. Palani waya ndi tupa pomwe sikuluwu izifinya kuti pakhale paphwatalala, ndipo donthezani mankhwala a buluu ogwira mazinga. Koma pa elevator ya ndege yaikulu ya injini sinditiika. Moyo wonse wa ndege sungadalire kasikuluwu kamodzi kofinya waya wosalala.

Nyanga nayo ili ndi malo ake. Mabowo ake akhale molunjika pamwamba pa mzere wa mahinji. Ikakhala kumbuyo kapena kutsogolo, chiwongolero chimapita kwambiri mbali imodzi kuposa inzake. Waya wautali wa kumchira mumuchirikize m'malo awiri kapena atatu m'thupi la ndege, chifukwa waya amalimba pokoka koma pokankha amapindika.

Kuchuluka kwa kayendedwe

Pulani kapena kabuku ka ndege kamanena mamilimita omwe chiwongolero chilichonse chiyenera kukwera ndi kutsika. Ikani lula kumapeto kwa chiwongolerocho, pomwe n'chotambalala kwambiri, kankhani ndodo ya rimoti mpaka kumapeto, muwerenge.

Kayendedwe kakachuluka, sunthani waya apite pabowo lamkati la mkono wa servo, kapena pabowo lakunja la nyanga. Kakachepa, chitani motembenuza. Ndimalimbikira kuti muyambe ndi mabowowa musanakhudze manambala a mu rimoti, chifukwa chake n'chomveka. Mukasiya waya pabowo lakunja la servo n'kutsitsa end point, malire a ulendo wa servo oikidwa mu rimoti, kufika pa 50, servo ikuyenda theka la ulendo wake, mphamvu yofika ku chiwongolero yachepa, ndipo kugwedera kulikonse kwa magiya kukuonekera kwambiri kumchira. Mukagwiritsa ntchito bowo lamkati, end point n'kukhala pafupi ndi 100, servo yomweyo imakankha mwamphamvu ndiponso imabwerera pakati molondola. Pa ndege yophunzirira, bowo lakunja la nyanga ndi lachiwiri kapena lachitatu la pamkono ndi poyambira pabwino.

Mukatha, kankhani ndodo iliyonse mpaka kumapeto n'kutchera khutu. Servo wamba ikamalira ngati njuchi mutaigwira kumapetoko, pali chomwe chikuiletsa: mwina waya akukhula thabwa, mahinji athina, kapena yafika pomwe chiwongolero sichingapitirire. Servo yotero imadya batire ndipo imatentha. Izi zimachitika kwambiri pa moto wa injini, pomwe kabuleta imafika kumapeto servo ikufunabe kupita. Maservo a digito okha amakonda kulira pang'ono ngakhale zonse zili bwino. Kenako gwirani chiwongolero ndi zala muchigwedeze pang'ono. Ngati chikuyenda servo ili chete, tsatirani kugwederako mpaka mupeze bowo lomwe latakasuka.

Imani kumbuyo kwa ndege muone mbali. Ndodo kumanja, aileron ya kumanja ikwere, ya kumanzere itsike. Ndodo ya elevator mukaikokera kwa inu, elevator ikwere. Rudder kumanja, ipite kumanja. Muzichita zimenezi nthawi iliyonse mwatulutsa servo kapena mwazula pulagi, ngakhale mukhale otsimikiza chotani. Mapulagi a m'phiko muwamate kachitepi kolembedwa, kuti wa kumanja asalowe kwa wa kumanzere.

Mukatera ulendo woyamba

Ndege yatsopano siuluka mowongoka tsiku loyamba. Mudzadina ma trim kangapo m'mwamba mpaka ileke kupendekera. Mukatera musazime rimoti. Yang'anani pomwe chiwongolero chilichonse chaima tsopano, yezani ndi lula, lembani. Tinene kuti elevator yakwera mamilimita 2. Bwezerani trim pa ziro, elevator ibwerera pomwe inali. Kokani kachubu ka silikoni kaja, tsegulani clevis ndi nsonga ya sikuludiraiva yaphwatalala, zungulitsani theka ndi theka mukuyesa pa nyanga, mpaka elevator ifikenso pa mamilimita 2 aja. Tsekani mpaka mumve kuti thwa, bwezerani kachubu. Tsopano ndege iziuluka mowongoka servo ili pakati penipeni, ndipo trim yatsala yonse mbali zonse ziwiri.

M'kabokosi kopita nako kubwalo musasowe sikuludiraiva yaing'ono yokwana bwino mitu ya masikuluwu anu, servo imodzi yapadera ya mtundu womwewo, mikono yake, ma clevis awiri, kachidutswa ka chubu cha silikoni ndi timasikuluwu ta pakati tingapo, poti kamodzi kakagwera mu udzu sikapezekanso. Pakatha maulendo angapo, makamaka nyengo ya fumbi, tsegulani zivindikiro za m'mapiko, pukutani, gwedezani servo iliyonse ndi chala kuona ngati timabuloko tikadali nganganga, ndipo yang'anani waya pomwe akutulukira m'thupi la servo, chifukwa pamenepo ndi pomwe amayambira kuduka.